Mwana Asazizidwe Yekha

Mwezi wa Juni ukafika, ku Angónia kumazizira. M'mawa nkhungu imaphimba phiri la Dómuè. Udzu wa m'dambo umayera ndi cisanu. Madzi amene agona m'ndowa amaluma zala. Ana amapita ku sukulu atabisa manja m'khwapa. Milomo imauma. Mapazi amang'aluka. Ena amatsokomola.

Nyengo imeneyi imabwera caka ndi caka. Imayamba mu Meyi, imakula mu Juni ndi Julayi, ndipo imatha mu Ogasiti. Palibe munthu amene angailetse. Koma pali cinthu cimodzi cimene mudzi ungaletse. Mudzi ungaletse kuti mwana azizidwe yekha.

Mwana amene ali ndi anzake amapirira cisanu. Amaseka, amaphunzira, amakula. Mwana amene ali yekha amazizidwa kawiri. Thupi limazizira, mtima nawonso umazizira. N'cifukwa cake banja liri lonse, sukulu iri yonse ndi mudzi uli wonse ziyenera kuona kuti m'miyezi imeneyi mwana ali yense ali ndi gulu lake.

Bwanji ku Angónia kumazizira?

Mzinda wa Tete uli m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi. Kumeneko n'kotsika, ndipo kumatentha kwambiri. Munthu akacoka ku Tete, nadutsa ku Moatize, kulowera ku Ulónguè, msewu umangokwera. Malo ambiri a ku Angónia ndi okwera mamita oposa 1000 kucokera pa nyanja yamcere. Phiri la Dómuè limapitirira mamita 2000. Munthu akakwera mamita 1000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Ku Tsangano n'cimodzimodzi. Kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, nakonso kumazizira.

Usiku kumwamba kukakhala kopanda mitambo, kutentha kwa masana kumathawa msanga. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye umatsikira m'madambo. N'cifukwa cake cisanu cimawaula mbewu za m'dimba, pamene za kumtunda zapulumuka.

Kuzizira kuli ndi ubwino wake. Mbatata ya kacewere, nyemba, kabici ndi mapicesi zimakonda dziko lozizira. Ku Tsangano anthu amalima ngakhale tirigu. Cisanu si mdani nthawi zonse. Cimasanduka mdani cikapeza munthu ali yekha.

Cisanu ca mtima

Cisanu ca thupi cimaoneka. Mwana amanjenjemera, mano amagundana. Cisanu ca mtima sicioneka msanga.

M'miyezi imeneyi dzuwa limalowa msanga. Anthu amatseka zitseko mdima usanakule. Ana sasewera nthawi yaitali pa bwalo. M'nyumba zina muli phokoso ndi kuseka. M'nyumba zina muli zii. Mwina bambo anapita kukagwira nchito kutali. Mwina mayi akudwala. Mwina makolo anamwalira, ndipo mwana akukhala ndi agogo okalamba.

Zimayamba pang'onopang'ono. Mwana alibe juzi. Anzake ali nazo. Iye acita manyazi, ndipo tsiku limenelo sapita ku sukulu. Mawa lake sapitanso. Sabata yatha. Anzake aphunzira zilembo zatsopano, iye sazidziwa. Tsopano akuopa kufunsidwa m'kalasi. Akuopa kusekedwa. Pofika Ogasiti kunja kwafunda, koma mwana uja sabwereranso ku sukulu. Cimene camucotsa si cisanu cokha. Camucotsa n'cakuti palibe amene anapita kukamuitana.

Mwana wozizidwa mtima ali ndi zizindikiro zake. Amangokhala cete. Safuna kudya. Amalira popanda cifukwa coonekera. Amapsa mtima msanga. Wina amayambanso kukodza pogona. Mwana wotere si wamwano, ndiponso si waulesi. Akusowa munthu womumva.

Vuto limeneli si la ku Angónia kokha. M'caka ca 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amasungulumwa. Linanenanso kuti kusungulumwa kumaononga thanzi la thupi ndi la maganizo.

Zikuni, anapiye ndi njuci

Agogo akamasonkha moto, saika cikuni cimodzi. Amaika zitatu kapena zinayi, mitu yake n'kukumana pakati. Zikuni zikagundana, moto umayaka. Wina akasolola cikuni cimodzi n'kuciika pambali, cimafuka utsi pang'ono, kenaka cimazima. Cikunico sicinali coipa. Cinangosiyidwa cokha.

Anapiye amadziwa zimenezi. Kukazizira, onse amalowa pansi pa mapiko a make. Mbuzi m'khola zimagona mothinana. Njuci mumng'oma zimaunjikana malo amodzi, ndipo zimanjenjemeretsa matupi awo kuti zonse zifunde. Njuci imodzi payokha singathe kufunditsa mng'oma.

Makolo akale anaona zonsezi, ndipo anasiya mwambi: kali kokha n'kanyama, tiri awiri n'tianthu.

Madzulo pa moto

Nyengo yozizira ndi nyengo ya nthano. Nchito ya kumunda yacepa. Cakudya ciripo, cifukwa anthu angokolola kumene. Ana amazungulira moto. Wina akuoca mbatata, wina akukazinga cimanga.

Agogo amayamba: "Padangokhala!"

Ana onse amayankha: "Tiri tonse!"

Agogo akanena mau pang'ono, ana amayankhanso. Ana akaleka kuyankha, agogo amadziwa kuti agona, ndipo nthano imathera pomwepo. Ndiye kuti nthano si ya agogo okha. Wokamba ndi omvera amaisenza pamodzi. Mwana wamasiye amene wakhala pa moto umenewo amamva mau awiri aja kambirimbiri usiku umodzi. Iyenso amawanena ndi pakamwa pake. Mau amenewo ndi mankhwala.

Nthano zikatha, pamabwera zilape. Wina amati: "Cilape!" Anzake amati: "Nacize!" Iye amati: "Nyumba yopanda khomo." Ana amaganiza, amalakwa, amaseka, mpaka wina apeza kuti ndi dzira.

Mwana wamanyazi amakulira pamenepa. Masiku oyamba amangoyankha pamodzi ndi anzake. Mau ake amabisala m'mau a ena. Sabata yaciwiri amayesa kumasulira cilape. Akalakwa, onse amaseka, iyenso amaseka, ndipo aona kuti kulakwa sikupha. Mwezi ukatha, amapempha kuti akambe nthano yake. Tsiku lina ku sukulu aphunzitsi afunsa funso, ndipo mwana uja akweza dzanja.

Pa moto mwana amaphunzira kumvetsera. Amaphunzira kudikira nthawi yake. Amaphunzira mau atsopano a cinenero cake. Amaphunzira kuti mantha ndi cisoni ziri ndi maina, ndipo munthu angathe kuzichula. Mwana amene akhala yekha m'nyumba yamdima saphunzira zimenezi.

Nchito ya pamodzi

Masana a nyengo yozizira ali ndi nchito zake. Pali kututa cimanga, kutong'ola, kukonza nkhokwe, kuumba njerwa ndi kuthirira m'dimba. Kuyambira kale anthu a m'mapiri amenewa, Acewa ndi Angoni, amadziwa kuitanirana nchito. Mwini nchito amaphika thobwa kapena mowa, anansi n'kubwera kudzathandiza. Tsiku lina iyenso amapita kukathandiza mnzake. Amayi akamasinja pa mtondo, samangosinja cimanga cokha. Amauzana zimene zikuwasautsa. Pobwerera kunyumba mphale iri m'dengu, mtima nawo wapepuka.

Ana asathamangitsidwe pa nchito zotere. Mwana wa zaka 6 sangasenze thumba, koma angathe kunyamula kadengu. Angathe kutola nyemba zimene zatayika. Akuluakulu akamuuza kuti, "Zikomo, wathandiza," mwanayo amadziwa kuti ndi wofunika pa mudzi. Koma nchito ikhale yopepuka, ndipo isalande nthawi ya sukulu.

Ino ndi nyengonso ya magule. Anthu akatha kukolola, ng'oma zimalira. Angoni amavina ngoma. Acewa ali ndi Gule Wamkulu, amene m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linamulemekeza monga cuma ca anthu onse, ca ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia. M'mipingo namo muli makwaya ndi magulu a amayi oyendera odwala. Njira ndi zambiri, koma zonse zimaturutsa munthu m'nyumba ndi kumuika pakati pa anzake.

Zimene akuluakulu anaona

Makolo ndi agogo ambiri a ku Angónia amadziwa bwino mphamvu ya gulu, cifukwa anaiona ndi maso. M'dziko munali nkhondo kwa zaka 16. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Mabanja ambiri a ku Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pa 4 Okutobala 1992, boma ndi Renamo anasaina pangano la mtendere mumzinda wa Roma. Anthu anayamba kubwerera kwawo.

Pofika anapeza nyumba zagwa. Minda inali itasanduka chire. Masukulu ambiri analibe denga. Mitima inali ndi mabala. Ena anataya ana, ena makolo. Panalibe madokotala okwanira oti aciritse mabala otere. Anthu anaciritsana okha. Anamangirana nyumba, lero ya uyu, mawa ya uyo. Anagawana mbewu. Analira maliro pamodzi. Analandira ana amasiye m'nyumba zawo. Ana ena anaphunzira pansi pa mitengo, atathinana pa mphepo.

Ana a nthawi imeneyo ndiwo makolo ndi agogo a lero. Zimene zinawapulumutsa ayenera kuzipereka kwa ana awo.

Magulu a anthu 6

M'cigawo ca Tete munabadwa nzeru ina imene inamveka kutali. Anthu akumwa mankhwala a HIV anali pa vuto. Cipatala cinali kutali. Ndalama yokwerera galimoto mwezi ndi mwezi inali yosowa. Ena anali ndi manyazi. Ambiri analeka kukatenga mankhwala.

M'caka ca 2008 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi akuluakulu a zaumoyo a m'cigawoci anathandiza odwala kupanga timagulu. Gulu liri lonse linali la anthu osapitirira 6, osankhana okha. Mwezi uli wonse munthu mmodzi amapita ku cipatala kukatengera anzake onse mankhwala. Mwezi wotsatira kumapita wina. Asananyamuke, onse amakumana, kuwerengerana mapiritsi ndi kufunsana za moyo.

Pofika mwezi wa Meyi 2010, magulu otere analipo 291. Mwa anthu 100 alionse a m'magulumo, 97 anali akupitiriza mankhwala. Pambuyo pake boma linafalitsa njira imeneyi m'zigawo zina za dziko. Anthu a m'magulu aja anapeza mankhwala, koma anapezanso abale. Manyazi anacepa. Wina akafooka, anzake amamudzutsa.

Ku Zimbabwe kunacitikanso zofanana. Dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu amene ali ndi nkhawa. Agogo amakhala pa mpando wamatabwa pafupi ndi cipatala. Munthu amabwera, nakhala pambali pawo, n'kunena zonse za kumtima. Nchito imeneyi dzina lake ndi Friendship Bench, ndipo inafikanso ku maiko ena.

Ngati akuluakulu odwala analimba cifukwa ca gulu la anthu 6, ana a kalasi yoyamba angalimbenso cimodzimodzi.

Ena amatsutsa

Ena amati: "Mwana asamanyengereredwe. Cisanu cimalimbitsa munthu. Mwana wamwamuna salira." Koma mlimi wa kabici safesa mbewu pa mtetete. Amafesa pa nazale. Amaphimba ndi udzu, amathirira m'mawa ndi madzulo. Mbande ikalimba, ndi pamene amaiokera m'dimba. Mbande yosamalidwa ndiyo imadzapirira mphepo. Mwana naye amalimba cifukwa cosamalidwa. Ndipo mwana wamwamuna ali ndi misozi monga mlongo wake. Akamuletsa kulira, cisonico sicicoka. Cimangobisala, n'kudzaturuka ngati ukali.

Ena amati: "M'magulu ana amaphunzitsana zoipa." N'zoona kuti zimacitika. M'gulu ana angathe kutukwanana, kuseka wopanda juzi, kapena kumenya wamng'ono. Koma mankhwala ake si kutsekera mwana m'nyumba. Mankhwala ake ndi munthu wamkulu wokhala pafupi, monga agogo, azakhali, amalume kapena aphunzitsi. Gulu limene limaseka mwana wosauka si gulu labwino, ndipo wamkulu alidzudzule msanga.

Ena amati: "Osauka angagawane ciyani?" Bulangeti limodzi limafunda ana awiri, ndipo awiriwo amafunda kuposa mmodzi. Mbatata imodzi yooca imanyemeka pawiri. Juzi imene yacepera mkulu imakwana mng'ono, kapena mwana wa mnansi. Khutu lomvetsera siligulidwa pa msika. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Gulu si cipatala

Pali zinthu zimene gulu silingathe kuciza. Mwana akamatsokomola, kutentha thupi, kupuma mofulumira, nthiti n'kumalowa m'kati, mwina ndi cibayo. Cibayo cimapha ana aang'ono ambiri pa dziko lonse. Mwana wotere apite ku cipatala tsiku lomwelo. Nchito ya gulu ndi kuona msanga, kuuza makolo ndi kuthandiza ulendo. Mwana wa cimfine apumule kunyumba. Anzake akamuone pa khomo, ndipo wotsokomola azitseka pakamwa.

Cisoni naco cikakhalitsa masabata ambiri, mwana osadya, osasewera, makolo akaonane ndi a zaumoyo. Mwana akaulula kuti wina akumuzunza, akuluakulu amukhulupirire ndi kumuteteza.

Moto umafunditsa, koma umaocanso. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha pafupi ndi moto. Mwana wodwala khunyu akhale patali ndi moto, ndipo wina amuyang'anire. Mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka. Makala amaturutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Mpweya umenewu umapha anthu ali m'tulo.

Zimene zingacitike caka cino

Ana oyandikana nyumba apange gulu la ana 5 kapena 6. M'mawa aziitanana khomo ndi khomo: "Odi! Tiye ku sukulu!" Aziyendera limodzi. Akafika, aziwerengana. Mmodzi akasowa, auze aphunzitsi. Poweruka akamuone, ndi kumuonetsa zilembo zimene aphunzira tsiku limenelo.

Aphunzitsi ayambe tsiku ndi nyimbo ndi masewera odumpha, kuti magazi ayende. Kunja kukawala, ana aphunzire pa dzuwa kwa kanthawi. Aphunzitsi afunse mwana ali yense kuti wadzuka bwanji, ndipo adikire yankho. Mwana wobwera atafunda citenje ca amayi ake alandiridwe monga wina ali yense.

Makolo asinthane. Lero ana akaothe moto kwa uyu, mawa kwa uyo. Amene ali ndi nkhuni zambiri aitane amene alibe. Amene ali ndi agogo odziwa nthano atsegule khomo. Agogo nawonso amasungulumwa. Ana akawazungulira, onse awiri apindula. Wailesi ndi foni zikhale cete kwa kanthawi, kuti anthu amvane.

Mafumu ndi atsogoleri a mipingo adziwe nyumba zimene muli ana amasiye, odwala ndi okalamba okhala okha. Nyumba zimenezi zisagone popanda wozigogodera.

Mwezi wa Juni uli ndi masiku atatu akuluakulu. Pa 1 Juni ndi tsiku la ana. Pa 16 Juni ndi tsiku la mwana wa mu Afirika. Pa 25 Juni ndi tsiku limene Mozambique inalandira ufulu m'caka ca 1975. Pa masiku amenewa ana amaimba ndi kuvina pa bwalo la sukulu. Akuluakulu amaombera m'manja ana amene abwera. Zimenezo n'zabwino. Koma ayeneranso kufunsa kuti: kodi ndani sanabwere? Ali kuti? Ndani akamutenge?

Ogasiti akadzafika, mphepo idzaomba, mitengo ya mapicesi idzacita maluwa, ndipo cisanu cidzapita. Pamenepo aphunzitsi adzaitana maina m'kalasi. Mudzi wosamala ana ndi umene ana ake onse amene analipo mu Meyi adzayankhe kuti, "Ndiripo!"

Mafunso okambirana pa moto

1. Cimacitika n'ciyani cikuni cimodzi cikacotsedwa pa moto?
2. Ana amayankha bwanji agogo akayamba nthano?
3. Mwana angadziwe bwanji kuti mnzake ali ndi cisoni?
4. Bwanji mbaula siyenera kugona m'nyumba yotseka?
5. Ndi nyumba ziti pa mudzi zimene zikusowa woziyendera mwezi uno?